Zipsera za M'munda wa Mapeyala

Taganizani: mwa mitengo ya mapeyala mazana atatu imene Anesi anabzala atapuma pa ntchito ya kuchipatala, ndi ingati imene inali ya mtundu umene anaitanitsa?

Kwa zaka zinayi funso limeneli silinawabwerepo m'mutu eni akewo. Likanabwera bwanji, poti mbande zonse zinachokera ku nazale ya mlongo wawo wamkulu, wobadwa naye bere limodzi? Kampani yogula zipatso inkafuna mtundu umodzi wokha: mapeyala aang'onoang'ono a khungu lokhakhala, amene amada akapsa ndipo sawonongeka paulendo wautali. Mtengo wongomera ku nthanga subala otere. Umayenera kudulidwa ukadali mbande, n'kulumikizapo kanthambi ka mtundu wabwinowo, n'kumanga ndi pulasitiki. Kumeneko ndiye kumezanitsa, ndipo pakapola pamatsala chipsera. Mlongo wawoyo anali katswiri pa ntchitoyi, ndipo mbande iliyonse imene anatsitsa pa lole inali ndi chipsera chake.

Anesi anasamala mitengoyo ngati odwala a mu wodi. Anaibzala pa milu kuti mizu isaole ndi madzi, anaiphimbira ndi udzu, ndipo m'chilimwe ankathirira mpaka msana kuwawa. Maluwa a chaka chachitatu anawathothola ndi manja kuti mitengo iyambe yakhwima. Anaika ngakhale ming'oma ya njuchi m'mphepete mwa munda. Anzawo ankawaseka kuti tsiku lina adzayeza mitengo kutentha thupi.

Chaka chachinayi nthambi zinawerama ndi zipatso. Koma zipatsozo zinkakula kwambiri, zosalala, zonyezimira. Anesi atafunsa pa lamya, mlongo wawo anaseka.

"Manyowa achuluka, chemwali. Mwazinenepetsa. Zikamakhwima zisintha."

Kutatsala milungu iwiri kuti ayambe kukolola, kunabwera mlangizi wa kampani, mayi wa chipewa chachikulu, kudzaona ngati munda ungalembedwe m'kaundula wa ogulitsa. Anayamikira milu, anayamikira udzu. Atafika pa mtengo woyamba anaima. Anathyola peyala, kuliyeza m'dzanja, kenaka anagwada n'kuyamba kusisita tsinde.

"Mayi, mbandezi munagula kwa yani?"

"Kwa achimwene anga. Bwanji?"

"Tabwerani mugwire apa."

Anesi anagwada pambali pake. Mlangiziyo anawagwiritsa pansi pa chipsera, kenaka pamwamba.

"Mitengo iwiri ikalumikizana pamatupa pang'ono, ndipo khungwa la pansi limasiyana ndi la pamwamba. Apa khungwa ndi limodzi. Munthu anangocheka mbande mozungulira ndi mpeni, n'kumangapo pulasitiki. Bala linapola, koma palibe chimene analumikizapo."

Anadula peyala lina limene linagwa lokha masiku apitawo. Nthanga yake inali yaikulu ngati nkhonya, mnofu wochepa, wamadzimadzi, wa ulusi.

"Awa sitingatenge, mayi. Angafike kumene akupita ataphwanyika. Pepani kwambiri. Munda wosamalika chonchi sindinauonepo chaka chino."

Anesi anakhala chigwadire, chala chili pa chipsera. Zaka makumi atatu anakhala akutsuka ndi kumanga mabala. Ankatha kusiyanitsa bala la chikwanje ndi la botolo wodwala asanatsegule pakamwa. Koma chipsera ichi anachiona pa mitengo mazana atatu, kuchithirira m'mawa ndi madzulo, osachifunsa kanthu.

M'mawa mwake anakwera basi ndi peyala limodzi m'chikwama. Anapeza mlongo wawo pansi pa shedi ya ukonde, atakhala pa kampando, mpeni uli m'manja, machubu a mbande atamuzungulira.

"Ah, adokotala afika! Mwatibweretsera zolawa?"

Anesi anaika peyala pa thebulo logwirirapo ntchito.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Peyala, nanga n'chiyani?"

"La mtundu wanji?"

Mlongo wawo analiyang'ana, n'kupukuta mpeni pa buluku. "Nthawi zina mphukira ya pansi imapambana ya pamwamba. Mwina simunkadulira bwino."

"Musandipusitse ngati mwana. Mlangizi wa kampani wandigwiritsa tsinde ndi dzanja langa. Palibe chimene munalumikizapo."

Mlamu wawo, amene ankabwera ndi makapu a tiyi, anamva mawu amenewa ali pakhomo la shedi. Anatembenuka mwakachetechete n'kubwerera kunyumba ndi makapu akewo. Kubwerera kumeneko kunawauza Anesi kuti nkhaniyi pakhomopo inali yodziwika kale.

"Khalani pansi, chemwali."

"Ndaima bwino."

Bamboyo anapuma mozama. "Chaka chimene chija timitengo tomezera ta mtundu wabwino tinavuta kupeza. Ndinali ndi tokwana munda umodzi basi. Ndiye kunabwera bwana wa esiteti, akufuna mbande mwezi womwewo, pepala losainirana lili m'manja. Ndikanatani?"

"Mukanandiuza kuti ndidikire chaka."

"Inu kudikira? Maenje munali mutakumba kale. Lamya tsiku lililonse: achimwene mbande, achimwene mvula ikutha. Ndinati ndikupatseni zimenezi kaye, ndidzabwere kudzamezanitsa m'munda momwemo zikagwira."

"Munabwera?"

"Ntchito inachuluka."

"Munabwera kasanu! Munadya pakhomo panga, munayenda m'mizere, munandiuza kuti ndili ndi dzanja labwino. Mpeni munkaiwala kunyumba?"

Mlongo wawo anayang'ana machubu. Atalankhulanso, mawu ake anali otsika, ngati akufotokoza chinthu chomveka kwa aliyense.

"Taganizani bwino. Bwana uja ndikanamupatsa zimenezi, akanabwera ndi apolisi, nazale ino akanatseka. Ana anu omwewa akanadya chiyani? Koma inu ndinu wa m'nyumba. Ndinadziwa kuti mudzakwiya, inde, koma tidzakambirana. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Ndiye munasankha ine chifukwa sindingakumangitseni."

"Musanene choncho."

"Ndinene bwanji? Mukanangondipatsa mbande wamba, ndikanati mwina munasokoneza machubu. Koma munakhala pa kampando kameneka, kutenga mbande, kucheka, kumanga, kuika pambali. Kutenga ina. Zinakutengerani masiku angati, achimwene?"

Mlongo wawo anaika mpeni pa thebulo. Kenaka anati, "Mitengo sinafe. Mizu yake ndi yamphamvu. Tidule yonse m'chiuno, ikaphuka ndimezanitse bwinobwino. Zaka ziwiri, zitatu, mukolola. Ndichita ndekha, mwaulere."

"Mpeni wanu sudzakhudzanso mtengo wanga."

Anatuluka, peyala lija n'kulisiya pa thebulo. Mlamu wawo anawaitana ali pawindo kuti tiyi wapsa, koma Anesi sanacheuke.

M'basi anawerengera zaka. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndipo mawondo anali atayamba kale kudandaula. Zaka zitatu zina zothirira, za mitengo yodulidwa ngati zitsa! Zipatso za chaka chino akanangozithira pamsika, pamene mapeyala otere amaunjikana mpaka kuola. Misozi inafuna kutuluka, koma anaibweza poona kuti mayi wokhala naye pampando akuwayang'ana.

Atafika anaimbira mlangizi uja.

"Munthu amene anasoka mabala a anthu zaka makumi atatu angalephere kulumikiza timitengo tiwiri?"

"Sangalephere, mayi. Ndikuphunzitsani tsiku limodzi. Vuto ndi timitengo tomezera. Tabwino timasowa, ndipo ogulitsa ena ndi akathyali."

"Zimenezo ndazidziwa."

"Ndiye tione kaye m'munda mwanu momwemo. Mwina achimwene anu sananamize pa mitengo yonse. Ikapezeka makumi awiri kapena atatu yeniyeni, timitengo tidula pomwepo, ndipo munda wonse mumezanitsa nyengo imodzi. Ikachepa, zitenga nthawi."

Loweruka anayamba dzuwa lisanatenthe. Anesi ananyamula nsanza zofiira zomangira pa mtengo uliwonse woona. Anang'amba makumi asanu, chifukwa mumtima ankati mlongo wawo, ngakhale anachita zimene anachita, sakanalephera kusakanizamo yabwino ingapo. Mlangizi ankayang'ana zipatso, Anesi ankagwada n'kugwira tsinde. Mzere woyamba unatha nsanza zili m'manja. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika mzere wachisanu zala zawo zinali zitaphunzira, moti sankadikiranso kuuzidwa.

"Tipume pang'ono, mayi," anatero mlangizi dzuwa lili pamutu.

"Tikapuma kumapeto."

Anamaliza mzere wotsiriza mawondo atachita matope, mlangizi n'kutseka kope lake. Mwa mitengo mazana atatu, wa mtundu umene Anesi anaitanitsa unali umodzi, umene mlongo wawo anamezanitsa iwo akuonerera, tsiku limene anapita kukaona nazale.