Zilembo Zinasanduka Ngumbi

Chaka chino ndinauza amayi kuti pa Pasaka sindibwera kumudzi. Ndinali nditagula mabuku apakaunjika, ndipo ndinkafuna kudzitsekera m'nyumba n'kumawerenga ndekha. Koma Lachinayi masana tulo tinandiba pampando, buku lili pachifuwa, ndipo zimene ndinalota zikundisowetsabe mtendere.

Ndinalota ndili pakhonde kwathu ku Ntcheu. Abale onse anali atabwera, akudya chimanga chowotcha, koma palibe amene ankandiona. Bambo anga, amene anasiya kuona chaka chatha, anandigwira dzanja. Chikhatho chawo chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Mwanawe, undiwerengereko," anatero.

Nditatsegula buku, zilembo zinayamba kuyenda, kenako zinamera mapiko n'kusanduka ngumbi. Zinandilowa m'makutu ndi m'kamwa, mpaka ndinkamva mafuta ake palilime. Ndinkatembenuza masamba mofulumira, koma onse anali oyera, akununkha dothi lonyowa. Bambo ankangogwedeza mutu ngati akumva nkhani yokoma. Kenako khonde linayamba kuyenda ngati ngolo, iwo ali pomwepo, ine ndikulithamangira wopanda nsapato.

Nditadzidzimuka ndinaimbira amayi foni kufunsa za bambo. Malotowo sindinawauze.

"Ali bwino," anatero amayi. "Kungoti dzulo anandipempha kuti ndiwawerengere, koma akuti ine ndimathamanga ngati wolengeza maliro. Ukufunsiranji?"

Ndinangowatsanzika n'kudula foni. Kaya malotowo ndi chenjezo, kaya ndi chikumbumtima changa chabe, sindikudziwa. Panopa ndili padepoti, ndipo basi ya ku Ntcheu ikuchedwa kudzaza.