Chigamba pa Chophimba Nyale

"Ichinso chipite kudzala," anatero Pokuaa, atanyamula chophimba nyale ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Ohenewaa anadzuka pamphasa pomwe ankakhala chimwalirire mwamuna wake, Kwarteng. Abale a malemuyo ankatulutsa katundu m'chipinda kuti achikute ndi nsalu zoyera, mtembo udzagonekedwemo Lachisanu. Wolamula anali Pokuaa, mlongo wake wa Kwarteng. Mkazi wamasiye wopanda mwana angalamule chiyani m'nyumba ya eni mbumba?

"Mlamu, chimenecho ndisiyireni."

"Ichi? Alendo a ku Accra adzaone chikopa cha mbuzi chachigamba? Adzati mchimwene wanga wafa ali mphawi. Mwini malole asanu ndi awiri!"

Sankanama. Kwarteng anayamba ndi wilibala pamsika wa Kejetia, mzinda wonse wa Kumasi ukumuona, koma anadzafika potchula mizinda yakunja ya Bamako, Lomé ndi Niamey ngati makomo a anansi ake. Chophimbacho anagula ku Bamako atakana zina khumi ndi ziwiri, ati ichi chokha ndicho chinkatulutsa kuwala konga uchi. Madzi sankalola kuti achikhudze. Lamulungu lililonse ankachipukuta yekha ndi nthenga ya nkhanga, chimunthu chonsecho, lilime lili panja.

"Mipando tengani, firiji tengani," anatero Ohenewaa. "Ine ndikupempha ichi chokha."

"Iii, mlamu, misozi yakulowani m'mutu? Nanga chinsanza chakudachi mchimwene wanga anasoketserapo chiyani? Kuumira basi. Chikhalire ali mwana, ndi yemwe uja ankanyambita mbale."

Pokuaa anachitembenuza kuti aonetse amayi ena, aseke nawo. M'kati munali nsalu yakuda yokuta mbali imodzi, zigamba zinayi zosanjikizana, zosokedwa motalikitsa ndi ulusi wosokera matenti a malole. Kuseka kunamuthera pakhosi. Kasokedwe kameneko ankakadziwa, ka dzanja lamanzere la mchimwene wake.

"Anasoka yekha?"

"Chinditumbulireni maso aja kuchipatala, kuwala kumandilasa," anayankha Ohenewaa. "Koma iye kudya popanda kuwerenga nyuzipepala sankatha. Ndinati ndizikadyera kukhitchini. Anati, 'Iwe, ndayenda mayiko asanu ndi anayi kuti ndidzadye ndekha ngati mlonda?' Nsalu ikasuluka ndi kutentha, ankawonjezera ina."

Pokuaa anayang'ana kukhoma, napukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu yake yakuda.

"Tengani. Koma chisaoneke Lachisanu."

Madzulo amenewo Ohenewaa anali m'kachipinda kakuseri komwe anamusamutsira. Panja ankakangana za mtundu wa bokosi, ndipo palibe anamuitana. Mbale ya fufu, nsima yakumeneko, inazizira pansi osaikhudza. Anatenga nthenga ija, napukuta chophimbacho pang'onopang'ono kuyambira pamwamba, nachiveka panyale.

Atayatsa, anachizungulitsa mpaka chigamba chinaloza kwa iye. Uchi wonse unagwera mbali inayo, pampando wopanda munthu. Ndipo anakokera mbale ija pafupi, nasamba m'manja.