Mikombero ya a Gray pa Khomo la Mgodi

Ntchito za Belinda za Lachinayi zinkayenda chonchi: kudzutsa mwana wake Akuzike, kumuveka majekete, kupala chipale pagalasi la galimoto, kuthamangira kwa a Gray. Kumeneko kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa mankhwala a m'mawa, kusintha zofunda, kutulutsa zinyalala kumsewu, kenako kukanda ufa wa chakudya chawo cha masana.

Ntchito imeneyi ankaisamala ngati dzira. Sukulu anaisiyira folomu 3, ndiye kuchipatala kumene ankagwira anzake sakanamulemba. Komanso m'tauni yonse ya South Bend panalibe nyumba ina imene akanamulola kubwera ndi mwana wa zaka zitatu n'kumamusiya akusewera pakapeti.

A Gray anali mzungu wokalamba, wofooka miyendo koma wakuthwa pakamwa. Amene anamulemba ntchito Belinda anali mwana wawo Sophia, wokhala ku Indianapolis, ndipo tsiku loyamba lomwelo anamuuza mosapita m'mbali: "Mukadzaona kuti mutu wayamba kusokonekera, kaya akubisa chakudya, kaya akumva mawu, mundiuze msanga. Malo osungirako okalamba ndinawapeza kale kwathu kuno."

Lachinayi lililonse a Gray ankadya chinthu chimodzi basi, chimene ankachitchula kuti pasti. Anamuphunzitsa okha kaphikidwe kake: nyama ya ng'ombe, mbatatesi ndi anyezi, zonse n'kuzikulunga mu ufa wokanda ngati samusa yaikulu, m'mbali mwake n'kupota mkombero wokhuthala. Mbale inkabwerera yoyera, Belinda n'kumati nkhalambayi imadya bwino.

Tsiku limeneli, atatsuka mbale, anapeza mpando wa a Gray uli wokha. Akuzike nayenso panalibe. Chitseko cha kubesimenti, kuchipinda cha pansi pa nyumba, chimene sanauzidwepo kuti azikasesako, chinali chotsegula. Anatsika masitepe mtima uli m'mwamba.

"Agogo! Mwatsika bwanji kuno ndi miyendo yanuyo?"

"Ndi matako," anayankha a Gray. "Sitepe imodzi imodzi. Bwera udzaone kwathu."

Pakati pa chipindacho panali thebulo lalikulu, ndipo pathebulopo panali mudzi. Tinyumba tamiyala tating'ono ngati mabokosi a machesi, tondondozana m'mbali mwa kanjira kokhotakhota. Kumapeto kwake phompho, pansi pa phompholo nyanja yopenta ndi utoto wobiriwira. Akuzike anali chiimire ndi zala za kuphazi, chibwano atachitsamira pathebulo.

A Gray anatola ndodo yawo n'kuyamba kuloza. Uwu unali mudzi wa agogo awo ku Cornwall, ku Mangalande, mudzi wa anthu okumba miyala ya tini ndi mkuwa. Iwo anangopitako kamodzi ali mnyamata, ndipo chipumireni pantchito ankaumanga pang'onopang'ono ndi timiyala ta m'munda ndi guluu.

"Nyumba iyi ndi imene anabadwira agogo anga. Ana onse chipinda chimodzi, miyendo kumutu kwa mnzake. Ichi ndi chapelo. Ulibe kumva kuimba ngati sunamve amuna amene angotuluka kumene pansi pa nthaka."

"Nanga chinyumba chachitali chokhala ndi chumunichi?"

"Munali injini yopopa madzi. Mgodiwo unkalowa mpaka pansi pa nyanja. Kukakhala mafunde, anthu ali pansipo ankamva miyala ikugubuduka pamwamba pa mitu yawo."

Belinda anawerama. Anaona tizidole ta akazi titanyamula nyundo, a Gray n'kunena kuti akaziwo ndi amene ankaphwanya miyala ikatuluka.

"Ndiye ana ankawasiyira ndani?"

"Agogo awo. Wamkulu pang'ono ankaphwanya nawo."

"Madzi akumwa ankatunga kuti? Sindikuona chitsime."

A Gray anamuyang'ana n'kuseka mpaka kutsokomola. "Anthu onse amene ndawaonetsa amafunsa za injini. Chitsime ndinaiwala, mwana wanga. Ndidzachimanga."

Belinda anaseka nawo. Koma atazungulira thebulo, kuseka kunamuthera. Pakhomo la mgodi, pamene panabooledwa dzenje lakuda m'kaphiri, panali mulu wa mikombero ya mapasti. Ina inali itauma gwa, ina itachita nkhungu, ndipo pozungulira ponse panali zitosi za makoswe. A Gray anapisa dzanja m'thumba la juzi, natulutsa mkombero wa tsiku limenelo, n'kuuika pamwamba pa inzake.

"Agogo, chakudya mukuchisiyiranji apa?"

"Ndi cha ogogoda."

"Ogogoda ndani?"

"Ndi tianthu tating'ono, timakhala m'makoma a mgodi. Denga likafuna kugwa timagogoda. Ukatimana, timasiya kukuchenjeza."

"Inuyo mumatimva?"

"Wodyetsa ndi amene amamva," anatero a Gray, nkhope ili gwa.

Madzulo, akudikira pamaloboti, Belinda anaimbira Vainess, mnzake wa kutchalitchi amene ankagwira ntchito ya unamwino.

"Kubisa chakudya ndi kumva mawu, zonse ziwiri tsiku limodzi?" anatero Vainess. "Asisi, imeneyo ndi ija yosokoneza mutu. Kalipoteni."

"Ndikalipota awatenga. Ine ndiye ndizikadya chiyani? Akuzike ndizikamudiropa kuti?"

"Ndiye muzingokhala chete mpaka adzagwe pamasitepe? Akadzakufunsani kuti munkadziwa, mudzati chiyani?"

"Komatu mwina si matenda. Kwathu ku Dedza malume ankathira ufa patsinde la mtengo. Mwina ndi nsembe."

"Nsembe mzungu? Aaa, musandiseketse ndili pa shifiti. Akanakhala kuti akuweta mbewa bwenzi tikuti ndiwo, koma makoswe!"

Belinda sanaseke. Kwa masiku awiri anayenda ndi nkhaniyo pamtima. Loweruka linali tsiku lowaperekeza a Gray kwa Sophia, monga ankachitira mwezi uliwonse. Njira yonse ya ku Indianapolis, minda ya chimanga chodulidwa ili mbali zonse, a Gray ankaphunzitsa Akuzike nyimbo ya m'chapelo, mwanayo n'kumawayankha m'Chingerezi chake chothamanga. Belinda ankangoyang'ana msewu. Atadutsa Kokomo anali atatsimikiza: anena. Ntchito ikatha itha, koma munthu wa eni sadzathyoka khosi iye akudziwa.

Sophia ankakhala ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko, m'kanyumba ka njerwa. Atawakhazika a Gray pabalaza, Belinda anamutsatira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"A Sophia, munati ndidzakuuzeni. Ndiye ndikukuuzani."

Anafotokoza zonse osachotsera: masitepe, mulu wa mikombero, makoswe, tianthu ta m'makoma. Anafika nazo mpaka kumapeto. Sophia anamvetsera manja ali m'chiuno. Kenako anagwira pakamwa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Belinda anayesa akulira.

"Ogogoda!" anatero Sophia, misozi ya kuseka ili mbwee. "Mayo, ndinaiwala kukuuzani za ogogoda!"

Anatsegula uvuni. Munali mapasti anayi.

"Anthu a m'migodi ankadyera pansi pomwepo, manja ali bii ndi fumbi la poizoni. Ndiye ankagwira pamkombero, kudya pakati, mkomberowo n'kuuponya mumdima kuti tianthuto tidye. Kwathu palibe amene amadya mkombero. Ine ndili mwana ndinkakwapulidwa ndikaudya. Lero lomwe ndikadya pasti kuntchito ndimausiya pambali pa mbale, anzanga n'kumati ndikuchepetsa thupi."

"Ndiye zoti amatimva?"

"Anandiuza zomwezo ndili ndi zaka zisanu, nkhope ili gwa chimodzimodzi. Amayi anga anawauza zomwezo asanawakwatire. Dikirani."

Anatsegula chitseko n'kukuwa: "Adadi! Mwamuopseza Belinda ndi ogogoda anu?"

"Anandifunsa yekha!" anayankha a Gray ali pabalaza. "Ndipo thebulo lija chilimangireni denga la nyumba yanga silinagwepo. Umboni ndi umenewo."

Belinda anakhala pampando. Anapuma mpweya umene ankaona ngati waugwira kuyambira Lachinayi.

"Ndiye simuwatenga?"

"Chifukwa cha mikombero? Ndiye ndiyambe ndadzitsekera ndekha." Sophia anapukuta m'maso, kenako nkhope inasintha. "Koma zotsika masitepe ndi matako ndiye ayi. Mwachita bwino kundiuza. Zimenezo akanandibisira mpaka kalekale."

Anakambirana pathebulo, aliyense pasti ili m'manja. A Gray anakana zosiya kutsika, Sophia anakana zowalola, mpaka mawu anayamba kukwera. Belinda anawadula.

"Mudziwo ukwere m'mwamba. Chipinda chodyera chimangokhala, palibe amadyeramo. Mikombero muziika, agogo, sindikukuletsani, koma m'mawa mwake ndizichotsa. Usiku wonse akhala atadya, zotsalazo ndi za m'bini."

A Gray anaganiza kaye. "Ogogoda sakonda kuwala."

"Ndiwasokera katani."

Belinda yekha ndi amene anadya pasti yake yonse, mkombero womwe. Kutaya chakudya chabwinobwino, ayi, zimenezo zinali za eni mwambo.

Pobwerera a Gray ndi Akuzike anagona onse awiri, Belinda n'kuimbira Vainess kuti, "Asisi, inali nsembe. Mzungu yemweyo." Vainess anaseka mpaka foni inaduka.

Kusamutsa mudziwo kunatenga Loweruka lotsatira lathunthu. Bizwick, mwamuna wa Belinda, analephera kukaonera mpira kwa anzake, ndipo msana unamupweteka mpaka Lachitatu. Thebulo linakana kukhota pamasitepe, ndiye analicheka pakati, nyanja n'kung'ambika. Chumuni chinathyoka pawiri, a Gray n'kukhala osalankhula ndi munthu mpaka atachimata. Panapita misampha ya makoswe paketi imodzi, loko wa chitseko cha kubesimenti, botolo la guluu, ndi chitenje chimodzi cha Belinda chimene anachidula kuti chikhale katani ya pakhomo la mgodi.