Chithunzi cha Bambo Wabutchala

Bambo wabutchala, chimphona cha munthu, anandibweretsera ku situdiyo chithunzi chamdima cha paphwando.

"Tachiwalitsa, mphwanga. Ndione amene wagwira akazi anga m'chiunoyu."

Ndinachitsegula pakompyuta, iwo ataima kumbuyo kwanga, akundipumira m'khosi, fungo la magazi a ng'ombe lili guu. Ndinakoka kamzere kowonjezera kuwala pang'onopang'ono. Panatulukira dzanja, kenako phewa la malaya amizeremizere. Paphwando limenelo ndinavinadi mopitirira muyezo, ndivomere.

"Apa ndiye pothera, bwana," ndinanama. "Tikapitiriza, chithunzi chiwonongeka."

"Nkhopeyo isiye," anatero mofatsa, zala zawo zikutsina kolala yanga. "Tandiuza, malaya wavalawa unagula kuti?"