Tagi Yopanda Lamulo

Mabuku onse a m'laibulale ija anali m'fayilo imodzi ya pakompyuta ya mtundu wa XML, ndipo amene anawalowetsamo, limodzilimodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri, anali Kachete. Anzake anamutcha choncho poti ankatha tsiku lonse pa kauntala osamveka mawu, koma kugogoda kwa kiyibodi basi. Buku lililonse linali ndi matagi ake, tizizindikiro ta m'fayilomo tomwe tinkasonyeza mutu, mlembi, chaka ndi shelefu. Panalinso tagi ya ndemanga, imene abwana anati izisiyidwa yopanda kanthu chifukwa pulogalamu yawo sinkaionetsa.

Kachete sanaisiye yopanda kanthu. Ankalembamo za Magalasi, mnyamata wa makompyuta amene ankabwera Lachiwiri lililonse kudzaona makina. Pansi pa buku la ulimi wa njuchi analemba kuti, "Lero wavala malaya obiriwira aja." Pansi pa lina, "Wandipatsa moni kawiri. Mwina anangoiwala kuti wapereka kale." Ndemanga zotere zinapitirira mazana atatu, ndipo mtima wake unali m'malo poti palibe amene ankafika kumeneko.

Kenako abwana anaganiza zoti mndandanda wa mabuku uikidwe pa intaneti, ndipo anauza Magalasi kuti aphunzitse Kachete chinenero cha pakompyuta chotchedwa XSLT, azitha kupanga yekha masamba a pa intanetiwo.

Lachiwiri m'mawa Magalasi anakoka mpando nakhala pambali pake.

"Fayilo yanu ya mabukuyi simuikhudza, asisi," anatero. "Mulemba ina ya malamulo. Lamulo lililonse limauza kompyuta kuti ikapeza tagi yakutiyakuti ichite nayo chakutichakuti. Mutu ukhale wa zilembo zazikulu, mlembi akhale pansi pake. Mwamva, kapena mukungogwedeza mutu kuti ndichoke?"

"Ndamva, achimwene."

"Aka n'koyamba kumva mawu anu mwezi uno."

Kachete analemba malamulo anayi: la mutu, la mlembi, la chaka, la shelefu. Ali mkati, abwana anaitana kuti pulinta yameza pepala. Magalasi anadzuka.

"Mukamaliza mudine batani ilo, muone zimene zitatuluke. Ndikubwera."

Anadina. Tsamba linatuluka lokongola ndithu, mitu yakuda bii, mayina a alembi ali pamzere. Koma pansi pa buku lililonse panali mawu ena, ongoti mbee popanda chowaphimba. Malaya obiriwira. Moni wa kawiri. Anatsitsa tsambalo, ndipo zonse zinalipo mpaka pansi.

Magalasi anali atagwada pa pulinta, masitepe khumi okha kuchokera pa kauntala, abwana ataimirira pambali pake manja ali m'chiuno. Nthawi yofufuta ndemanga mazana atatu panalibe, komanso mtima wake sunalole.

"Achimwene," anaitana, akuyesetsa kuti mawu amveke wamba, "tagi imene sindinailembere lamulo imatani?"

"Mawu ake amangotuluka mmene alili," anayankha mutu uli m'kati mwa pulinta. "Chinenerochi sichitaya kanthu pachokha. Bwanji?"

"Ndimangofunsa. Nanga munthu akafuna kuti isaoneke?"

"Amailembera lamulo lake, koma lopanda kanthu m'kati. Kutsekula, kutseka, basi."

Analemba msangamsanga n'kudina. Kompyuta inakana ndi mawu ofiira: lamulo silinatsekedwe. Kumbuyo kwake pulinta inayamba kulira bwinobwino, ndipo anamva Magalasi akupukuta m'manja. Anafufuza mzerewo chilembo ndi chilembo mpaka anapeza pamene anaiwala kamzere kopendekeka. Anakaika, n'kudinanso. Tsamba linatuluka loyera, mabuku okhaokha.

Magalasi anakhala pansi, nayang'ana tsambalo, kenako malamulo aja. Maso ake anaima pa lamulo lachisanu.

"Ili sindinakuphunzitseni bwino, koma mwalilemba ndendende," anatero motsitsa mawu. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, ngakhale anali oyera. "Ndinayenera kukuuzani kumayambiriro. Sabata yatha abwana anandipatsa fayiloyi kuti ndiiyese kaye. Inenso tagi imeneyi sindinailembere lamulo."

Kachete anayang'ana kiyibodi.

"Abwana anaona?"

"Ayi. Ndinali ndekha."

"Munawerenga?"

"Mabuku atatu oyambirira. Kenako ndinatseka poti sizinali zanga." Anavalanso magalasi aja. "Patapita kanthawi ndinatsekulanso."

"Mpaka pati?"

"Mpaka shelefu yomaliza. Kalembedwe kanu n'kabwino kuposa ka ena mwa alembi muli nawo munowa."

"Musandiseke, achimwene."

"Sindikuseka. Ndakhala sabata yonse ndikukonza zoti ndidzanene lero, koma nditangokhala pampandowu zonse zinandithawa, ndiye ndinangoyamba kuphunzitsa." Anakanda kumutu. "Kodi mumapita ndi ndani kokwerera basi mukaweruka?"

"Ndekha."

"Lero ndingakuperekezeni?"

Munthu wina anafika pa kauntala ndi mabuku awiri obweza. Kachete anawalandira, anadinda, nawaika m'bokosi mosathamanga. Munthuyo atatuluka anabwerera pampando wake, nakokera kiyibodi pafupi.

"Timatseka faifi," anatero. "Tsopano ndionetseni mmene ndingasanjire mabukuwa motsata zaka."