Nambala ya pamwala wa bambo

Wosema miyala ya pamanda anakayang'ananso kapepalako, nakanda m'mutu.

"Ndilembe zonsezi pansi pa dzina? Manambala makumi awiri ndi awiri?"

"Ndi zomwe anasiya," anatero amayi. "Osati vesi, osati chithunzi. Nambalayo basi."

Panali patapita sabata chiwaikire bambo m'manda. Anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo kunyumba ankalankhula ndi makope kuposa anthu. Kapepalako sanalembe okha, poti manja anali atayamba kunjenjemera. Anawalembera mwana wawo wamkazi, iwo akutchula nambala imodziimodzi ali chigonere. Achimwene ake awiri ankamutcha Nesi, dzina lachipongwe lomwe linamukakamira chifukwa ndiye anasiya ntchito kudzasambitsa bambo zaka zinayi, iwo akungoimba foni Lamlungu.

"Anati ikagawidwa tidzadzipeza," anatero Nesi.

Mchimwene wamkulu, injiniya wosachedwa kuonetsa nzeru, anatsegula kompyuta yake patebulo lodyera. Anayesa kuigawa nambalayo ndi manambala angapo, onse ankasiya zotsala. Kenako, mongoseka, analowetsa tsiku lake lobadwa: tsiku, mwezi ndi chaka cha 1981, zonse pamodzi ngati nambala imodzi. Inagawika ndendende.

"Ndilimo! Iwe, bwera nalo tsiku lako."

Wamng'ono anatchula lake, la 1983. Nalonso linalowa osasiya kanthu. Amuna awiriwo anagwirana mapewa, misozi ili chuchuchu, misozi yomwe kumanda sinaoneke.

"Mdala uja ankatikonda mwakachetechete," anatero wamkulu. "Nesi, tchula lako."

"Musavutike, achimwene."

"Tchula, bwanji kodi?"

"Ndinabadwa 1986. Nambalayo ikuthera ndi 7. Nambala yothera ndi 7 sigawika ndi 2, ndiye singagawike ndi chilichonse chothera ndi 6. Anandiphunzitsa okha ndili sitandade 4."

Nesi anali atadziwa kuti iye mulibemo pomwe mchimwene wake wamkulu anati alimo. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti 7 ameneyo anamulemba ndi dzanja lake, atafunsa kawiri ngati wamva bwino, bambo n'kumukalipira kuti ali ndi makutu a mphika.

"Mwina anakulemba mwanjira ina," anatero wamng'ono. "Patsala nambala imodzi apa. Ionetseni, achimwene."

Wamkulu anatembenuza kompyuta. Panatsala nambala ya manambala asanu ndi atatu, yothera ndi 1949. Anayang'ana amayi mwachiyembekezo.

"Mwina ndi lanu, amayi?"

Amayi anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera.

"Ine ndine wa 1954. Ili ndi tsiku lawo lobadwa eni ake."

Bambo, kuchulukitsa ndi mwana wamwamuna, kuchulukitsanso ndi mwana wamwamuna. Banja lonse linathera pomwepo.

"N'kutheka ankangofuna nambala yosagawika ndi 2," anayamba wamkulu. "Anthu a masamu amakonda..."

"Ankafuna yomwe anaipezayo," anamudula Nesi. "Bambo sankaphonya samu."

Wosema miyala anakhosomola, chipewa chili m'manja. Anati angathe kulemba mawu ena abwino, oti bambo wachikondi, poti ambiri amasankha amenewo ndipo amatenga malo ochepa.

"Tichite zimenezo," anatero wamng'ono mofulumira. "Kapepalaka tikang'ambe, zisatuluke m'nyumba muno."

Anatambasula dzanja, koma amayi anakapsinja kapepalako ndi chikhatho. Anakawongola bwinobwino m'makona momwe kanapindika, monga ankawongolera kolala ya malaya a bambo m'mawa uliwonse, nakapereka kwa wosema miyala.

"Lembani momwe ziliri, musaphonye ngakhale imodzi. Muzilembe zikuluzikulu, kuti wodutsa wodziwa masamu awadziwe bambo awo a ana awa."

Nesi anatola pensulo yomwe ankawasongolera bambo tsiku lililonse, naiika pakompyuta ya mchimwene wake.

"Nayi, achimwene. Ndi ya inu amene mulimo."