Soseji za Nkhuku za Maness

Poto wamagetsi uja Maness anachita kubwereka ku loji yomwe amaphikako, konkuno ku Ngala. Anabwera naye kunyumba atamukulunga m'chitenje, ndipo bambo ake, a Lyford, atamuona patebulo anafunsa kuti, "Wailesi imeneyi imagwira siteshoni yanji?"

"Ndi poto, bambo. Amaphika pang'onopang'ono, kuyambira m'mawa mpaka masana. Safuna mafuta."

"Ndiwo zopanda mafuta, kupatsa alendo?"

"Alendo ake ndi ofuna zomwezo."

Alendowo anali makolo a Sufiyani, mnyamata wokonza injini za maboti ku Bua. Iye ndi Maness anakhala akuonana mobisa chiyambire dzinja, mumsika wa Dwangwa, kuseri kwa ogulitsa zitenje. Nkhani itaululika, a Lyford, omwe ndi mkulu wa mpingo wa Angilikani, sanakalipe. Sanavomerenso. Anangokhala chete, ndipo kukhala chete kwawoko kunkamusowetsa Maness mtendere kuposa kukalipa.

Tsopano makolo a mnyamatayo, omwe ndi Asilamu, anati apatuka pochokera kuchipatala kumene a Hussein, bambo ake a Sufiyani, amakayezetsa kuthamanga kwa magazi. Sikunali kudzafunsira mbeta ayi, kunali kudzangoona. Koma Sufiyani anali atamunong'oneza kale pafoni: "Amayi anga akadya chakudya chako, dziwa kuti ankhoswe abwera. Akangosamba m'manja n'kunena kuti akhuta kale, zathu zathera pomwepo."

Maness anatha sabata yonse akuganizira za mtima wa a Hussein. Adokotala anawaletsa mchere wambiri, mafuta ndi zokazinga. Anakumbukira ndiwo zimene mayi wina wa ku Italy, mlendo wa paloji, anamuphunzitsa: soseji zophika ndi tsabola wosawawa m'matimati. Mayi uja ankaphikira soseji zonona za nkhumba. Maness anaganiza zoumba zakezake ndi nyama ya nkhuku.

M'mawa wa tsikulo anapempha bambo ake kuti amuzingire nkhuku ziwiri, monga ankachitira nthawi zonse kukabwera alendo. A Lyford anazinyamula n'kutuluka nazo. Anachedwa nazo mpaka Maness anamaliza kusesa bwalo lonse ndi kutsuka mbale za m'kabati. Atabwera anangoziika m'beseni, n'kulowa kukasintha malaya.

Maness anasosola nkhukuzo, anachotsa khungu ndi mafuta achikasu aja, n'kusinja minofu m'kamtondo pamodzi ndi adyo, masamba a mpungabwe ndi kamchere ka pansonga ya supuni. Anaumba tisoseji totalika ngati chala. Pansi pa poto anayala anyezi, kenako tsabola wobiriwira ndi wofiira, soseji pamwamba, matimati osenda pomaliza. Madzi sanathire. Anavundikira.

Poto sanalire, sanabwate. Pachivundikiro chagalasi pankangosonkhana timadontho. Maness ankatiyang'ana tikutsetsereka, maganizo ali ku Bua, m'nyumba yomwe anali asanaionepo koma makatani ake anali atasankha kale mumtima.

"Koma zikupsa zimenezi?" anafunsa a Lyford, dzanja likupita pachivundikiro.

"Musavundukule, bambo, kutentha kuthawa."

Alendo anafika dzuwa lili paliwombo, Sufiyani ali nawo. Amuna anakhala pamipando pakhonde, mayi Zainab, amayi ake a Sufiyani, anakhala pamkeka chapafupi. Maness anagwada, anawasambitsa m'manja mmodzimmodzi, anabweretsa mpunga, kenako mbale ya ndiwo. Atavundukula, fungo la adyo ndi mpungabwe linadzaza khonde lonse.

"Fungo lokhali likhoza kundichiritsa," anatero a Hussein, akukokera mpando kutsogolo.

Mayi Zainab anasuzumira m'mbale. "Izi ndi soseji, mwanangu?"

"Eya, mayi, koma si zogula. Ndaumba ndekha, ndi nkhuku yokhayokha. Khungu ndachotsa, mafuta sindinathire, poganizira bambowa."

"Waganiza bwino." Manja awo anali akadali pamiyendo. "Nanga nkhukuyo wazinga ndani?"

 Maness anakulira pakati pa Asilamu, ndipo ankadziwa kuyambira ali mwana kuti paukwati kapena pamaliro mbuzi amaipereka kwa Msilamu kuti azinge, kuti aliyense adye nawo. Anaganizira za mchere, za mafuta, za khungu, za nkhumba. Za mpeni sanaganizeko. Anaponya maso kwa Sufiyani, koma iye anali atazolika, akuyang'ana nsapato zake. Bodza linali pafupi, dzina la Msilamu aliyense wa m'mudzimo likanakwana. Maness analimeza.

"Ndinapatsa bambo anga," anatero motsitsa mawu.

Mayi Zainab anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuyamba kupukuta manja awo onyowa aja pachitenje.

"Wandipatsadi ine," anatero a Lyford. Sanayang'ane aliyense, ankapakula mpunga m'mbale mwawo. "Koma mpeni sunali wanga. Ndapita nazo kwa a Bakari, aja amaitanira mapemphero pamzikiti wa kuseri kwa sukulu. Ndapeza apita kudimba, ndawatsatira komweko. Azinga ndi iwowo, atayang'ana kumene mumayang'ana popemphera, ndipo mawu onse anena ine ndili pomwepo."

"Bakari wamfupi uja, wa njinga yopanda mabuleki?" anafunsa a Hussein.

"Yemweyo. Amaimitsira chidendene."

A Hussein anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Zainab sanaseke. Anawayang'ana a Lyford kwa kanthawi, kenako anayang'ana Maness, amene anali chigwadire, chivundikiro chili m'manja.

"Bisimila," anatero mayi Zainab, n'kunyema soseji.

Anatafuna mosafulumira. 

"Mchere wachepa pang'ono," anatero a Hussein.

"Wachepa kwa ndani? Idyani, inu. Kunyumba ndikachepetsa mumati ndakukwiyirani, lero mwakumana nazo." Mayi Zainab anakankhira mbale yawo kwa Maness. "Ndiwonjezere msuzi, mwanangu. Tsabola ameneyu wafewa bwino, udzandionetse kaphikidwe kake."

Atatha kudya anasamba m'manja, ndipo mayi Zainab, akudzikonza mpango kumutu, anafunsa ngati nkhani wamba: "Bambo, malume ake a mwanayu amakhala kutali?"

"Ku Mwadzama," anayankha a Lyford. "Foni ali nayo."

Sufiyani anadzutsa mutu koyamba chifikireni.

Alendo atakwera minibasi, Maness anabwerera pakhonde n'kugwada pafupi ndi mpando wa bambo ake. 

"Zikomo, bambo."

"Mm."

"Munadziwa bwanji kuti ndaiwala?"

"Sindinadziwe. Ndinangoona kuti munthu sangaitane alendo n'kuwaikira chakudya choti azingochiyang'ana."

Maness anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye kuti mwavomera?"

A Lyford anayang'ana kumsewu.

"Katenge soseji zatsala zija," anatero. "Ndinachita manyazi kuwonjezera pamaso pa apongozi ako."